Sabata Yomwe Ndinali Boma

Pa esiteti yomwe ndinkaphunzitsa, netiweki inkagwira malo amodzi okha: kuseri kwa shedi yoyezera masamba a tiyi, pamtunda pomwe panali mitengo ya bulugamu. Nyumba za aphunzitsi anazimanga kumunsi, pafupi ndi dambo, ndipo kumeneko foni inkangogwira ntchito ya wotchi ndi tochi. Choncho Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ndisanapite kukaphika, ndinkakwera mtundawo kukaona mauthenga. Sindinkakhala ndekha. Theka la kompaundi linkapezeka pomwepo, aliyense atakweza foni m'mwamba ngati mboni yolumbira kukhoti.

Pamtundapo panali nyumba ya malamulo ya aphungu awiri osasankhidwa ndi munthu. Woyamba anali alamu anga, akulu awo a amuna anga, omwe ankayendetsa thirakitala yotuta masamba kupita nawo kufakitale. Wachiwiri anali akapitawo a gulu la amayi othyola tiyi, omwenso anali mkulu wa mpingo kwathu. Awiriwa anakulira limodzi kwa Changata, ndipo ndikukhulupirira kuti chikulire sanagwirizanepo pa chilichonse.

Mkangano wa intaneti unayamba nthawi yomwe tinauzidwa kuti tikalembetse masimukadi athu ndi chitupa cha unzika. Unakula pamene wailesi inayamba kunena za anthu oitanidwa kupolisi kaamba ka zomwe alemba pafoni. Akapitawo ankati zinachedwa. Iwo ankafuna kuti boma ligwire makampani a netiweki pakhosi, lisefe zonse zisanafike kwa anthu, monga momwe kufakitale amasefera tiyi kuchotsa mitengo. Ankatchula za ana oonera zamaliseche, za akuba otumiza uthenga kuti wapambana mphoto, za mabodza a anamapopa omwe anavutitsa madera athu. Kunena zoona, mfundo zina zinali zolemera, kungoti ankazilankhula ndi nkhope ya munthu yemwe akudziona kale atagwira sefayo.

Alamu anga ankati pakamwa pa munthu sipaikidwa geti. Mawu oti ufulu ankawatchula motafuna, ngati nyama ya pa Khirisimasi. Ankati aliyense alembe zomwe akufuna, ajambule zomwe akufuna, wokhumudwa atseke maso. Boma lisayandikire ndi pang'ono pomwe. Koma bandulo ikawathera asanaigwiritse ntchito, alamu omwewo ankafunsa mokweza kuti kodi boma lili kuti, bwanji osawalanga makampani amenewa. Ndinawakumbutsapo tsiku lina kuti dzulo lake ankati boma litalikire. Anandiyankha kuti ndisamasokoneze nkhani za ufulu ndi nkhani za bandulo, ine monga mphunzitsi ndiyenera kudziwa kusiyanitsa.

Atatopa ndi za lero, anabwerera kuchiyambi. Mwini wake wa intaneti ndani? Akapitawo anati inapangidwa ndi azungu kuti azisuzumira m'nyumba za anthu, ndiye ngati ena akusuzumira kale, boma lathu likhale lomaliza chifukwa chiyani. Alamu anati ilibe mwini, inangophuka yokha ngati bowa. Apa onse anatembenukira kwa ine. Pa esiteti, mphunzitsi wa sitandade sikisi amayembekezeka kudziwa chilichonse, kuyambira mankhwala a nsabwe za nkhuku mpaka mtunda wokafika kumwezi.

Ndinapempha sabata imodzi. Ndinakafunsa intaneti yomweyo za makolo ake, ndipo Lamlungu lotsatira ndinapereka lipoti. Ndinawauza kuti inayambira ku America, pamene nthambi ya asilikali inathandiza akatswiri a m'mayunivesite kulumikiza makompyuta awo kuti azitumizirana zolemba. Kenako ena anawonjezerapo zawo, mpaka inatuluka m'manja mwa oyambitsawo. Ndinanenanso kuti siyenda mumphepo yokhayokha ayi, pali zingwe zodutsa pansi pa nyanja, ndipo zina mwa zomwe zimatifikira kuno zimatulukira ku Mozambique.

Ndinkaganiza kuti ndathetsa nkhani. Akapitawo anaomba m'manja nati mwamva nokha, ndi mwana wa boma, ndipo kholo silipempha chilolezo polanga mwana wake. Alamu anga sanamve n'komwe za asilikalizo. Iwo anagwira za Mozambique.

"Ndiye kuti ndi Mlomwe mnzathu," anatero. "Inalowa njira yomwe analowera agogo athu, wapansi, popanda chiphaso. Ameneyo simungam'bweze."

Onse awiri anatsika mtunda tsikulo atapambana, ndipo aliyense anandithokoza chifukwa chomuikira umboni.

Tinali ndi gulupu ya pafoni ya kompaundi yonse. Tinaiyambitsa kuti tizidziwitsana za maliro, za sikelo ya ana, ndi tsiku lomwe madzi atuluke pampopi. Anandisankha ine kukhala adimini, ati aphunzitsi sakondera. Ntchitoyo inali yongowonjezera manambala. Ndinkadziwa kuti adimini atha kufufuta uthenga wa munthu wina, koma ndinali ndisanayesepo.

M'mwezi wa Januwale mvula inagwa masiku angapo osakata. Loweruka lina thirakitala ya alamu inatitimira pachitsikira cha kumunda wa kumtsinje, ngolo itadzaza masamba. Amayi othyola tiyi anaitanidwa kudzakankha. Alamu anatsika, naima pambali manja m'chiuno, n'kumalamula ngati mkulu wa asilikali. Ali mkati molongosola kuti vuto la amayi n'kusadziwa poponda, phazi lawo linatereka. Anakhala pansi m'matope, natsetsereka chokhala mpaka kukakodwa m'tchire la tiyi. Podzuka, buluku linali litang'ambika kumbuyo kuyambira palamba mpaka pabondo. Mmodzi mwa amayiwo anali atatulutsa kale foni yake m'pepala la shuga lomwe ankaitetezera kumvula.

Pofika Lamlungu masana vidiyoyo inali pagulupu. Wina anali ataiikira kale nyimbo ya kwaya, ndipo malo otsetserekawo anawabwereza katatu. Alamu sanaoneke pamtunda tsiku limenelo. Nyumba ya malamulo inatsala ndi phungu mmodzi, yemwe anaionera vidiyoyo kambirimbiri, akuti pofuna kumvetsa kukula kwa vutolo.

Lolemba m'mawa, ndikutseka chitseko kuti ndizipita kusukulu, ndinawapeza alamu ataima pakhonde. Sanafunse n'komwe kuti tadzuka bwanji.

"Alamu, mukaichotse ija."

Ndinawafunsa ngati wokhumudwa sangangotseka maso. Sanaseke. Anati ija si nkhani ya ufulu, ndi chipongwe, ndipo m'dziko la malamulo wojambulayo akanagona m'chitokosi. Anafunsanso ngati palibe ofesi ya boma komwe munthu angakadandaule. Ndinafuna kupitiriza kuwaseka, koma ndinaona kuti maso awo anali ofiira. Anandiuza kuti mwana wawo wamkazi wa ku Limbe anali atawaimbira akulira, iwo atakwera mtunda mobisa Lamlungu usiku, anzake a kuntchito atamutumizira vidiyo ya bambo ake. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu, wa zidzukulu.

Tinakwera mtunda limodzi, chifunga chili tolo, ine choko chili m'thumba. Ndinadina pomwe pamafunika kudina, vidiyo n'kuchoka. Zinali zosavuta mochititsa mantha. Alamu anapuma mozama ngati ndawazula minga. Sindinawauze kuti aliyense anali ataisunga kale m'foni mwake. Anadzazindikira okha Loweruka lotsatira ku Bvumbwe, mayi wogulitsa kabichi atawayang'anitsitsa n'kufunsa ngati buluku lija linasokedwa.

Pomwe panali vidiyo panatsala mawu oti uthengawu wachotsedwa ndi adimini. Akapitawo anawawerenga mawu amenewo, ndipo anawakonda.

Lachitatu madzulo, dzuwa likadalipo, akapitawo anabwera kunyumba atanyamula mapeyala m'jumbo. Anayamba n'kundiyamikira kuti ndaonetsa utsogoleri. Kenako anafika pomwe amapita. Mayi wina wa m'gulu lawo anali atatumiza uthenga wa mawu pagulupu. Ndinali nditaumva kale. Mayiyo, wamasiye, mwana wake wamkazi anali m'kalasi langa. Analankhula mphindi ziwiri, Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe, mosakweza mawu. Ananena kuti amayi omwe amakana kukapalira munda wa chimanga wa akapitawo Loweruka masana amapezeka Lolemba atapatsidwa mizere ya kuphedi, komwe tiyi ndi wokalamba ndipo dengu silidzaza. Sanatukwane. Anangofunsa ngati amenewo ndi malamulo a esiteti kapena a munthu.

Akapitawo anati limenelo ndi bodza lofuna kugawanitsa anthu, ndipo ndi zomwe akhala akuchenjeza nthawi yonseyi. Anati ngati ndinachotsa za alamu anga n'kusiya izi, anthu adzati aphunzitsi amateteza abale awo okha. Ali pakhomo potuluka, anakumbukira kunena kuti akuluakulu a esiteti amamva zonse zolembedwa pagulupu, ndipo sangasangalale kuti gulupu yoyendetsedwa ndi munthu wokhala m'nyumba ya esiteti yasanduka bwalo la milandu. Ananena mokoma mtima, ngati munthu wokuchenjeza kuti kunja kuli mvula.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinawabwezera mapeyala awo. Tinadya mapeyalawo. Amuna anga anati nkhani za kumunda si za kusukulu, ndizisiye. Ine ndinadziuza zifukwa zabwino zambiri: kuti gulupu ndi ya maliro ndi madzi, kuti ndilibe umboni, kuti ndikumuteteza mayiyo kuti angachotsedwe ntchito. Chifukwa chomalizachi ndinachikonda kwambiri, poti chinkandisandutsa munthu wachifundo. Lachinayi pa nthawi yopuma ndinakwera mtunda ndekha n'kuufufuta uthengawo. Ndinawonjezera chilengezo, m'Chichewa chaulemu cha mphunzitsi, kuti pofuna kusunga mtendere, mauthenga onse azikhala achitukuko. Akapitawo anayankha ndi chithunzi cha manja opemphera. Alamu anga, msilikali wa ufulu uja, analemba kuti adimini wagwira ntchito.

Lachisanu nditaweruka ndinamupeza mayiyo akundidikira panja pa kalasi. Anali atachokera kumunda, atavala pulasitiki yomwe amamanga m'chiuno kuti tiyi asawanyowetse, zala zili zakuda ndi utomoni wa masamba. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, nafunsa za mayeso a mwana wake. Kenako anati:

"Madamu, ndimati ndifunse. Mawu anga aja munawamva musanawachotse?"

Ndinati ndinawamva.

"Munapezamo bodza?"

Ndinayamba kufotokoza za mtendere ndi za cholinga cha gulupu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula. Pamene ndinafika poti ndinkamuteteza, anagwedeza mutu pang'ono.

"Akapitawo anali atamva kale, Madamu. Amene munawatsekera makutu ndi anzanga."

Anatenga dengu lake n'kumapita. Ndinatsala nditagwira makope a ana, omwe m'mawa mwake ndinali nditawaphunzitsa za ufulu wa nzika.

Sabata yotsatira gulupu inazizira. Mauthenga a maliro ankabwerabe, a madzi ankabwerabe, koma nthabwala, madandaulo, ngakhale malonda a mandasi zinasowa. Akapitawo anati taonani bata. Ine ndinamva kwa mphunzitsi mnzanga kuti amayi othyola tiyi atsegula gulupu yawoyawo, ndipo lamulo loyamba linali loti musalowe kapitawo, mwamuna wa thirakitala, kapena mphunzitsi. Uthenga uja unatumizidwanso kumeneko, ndipo amayi ena anawonjezerapo awo. Patapita milungu ingapo anapita asanu ndi mmodzi kuofesi ya esiteti. Zomwe zinakambidwa sindikuzidziwa. Chomwe ndinaona n'chakuti chaka chimenecho akapitawo anapalira okha chimanga chawo, mothandizidwa ndi akazi awo, ndipo kutchalitchi analalikira kawiri konse za kuopsa kwa mafoni m'manja mwa amayi.

Mayi uja sanaitanidwenso ntchito nyengo yothyola itabweranso. Akuofesi anati anthu anachuluka. Mwina n'zoona, chaka chilichonse ena amatsala. Anasamukira kwa mchemwali wake kufupi ndi Makwasa, mwana n'kumusamutsanso sukulu.

Uadimini ndinausiya pa Isitala, ndinati ntchito za kusukulu zachuluka. Palibe anandikakamiza kuti ndipitirize. Anasankha mlonda wa kufakitale, yemwe foni yake inali yosweka galasi moti sankatha kuona bwino podina, ndipo gulupu inayambanso kukoma.

Ndinadzakumana naye mayiyo patapita zaka zoposa ziwiri, kuchipatala ku Makwasa, tonse tili pamzere wodikira mankhwala. Ankagulitsa nthochi tsopano, anati zikuyenda pang'onopang'ono. Mwana anali atakhoza mayeso a sitandade eyiti. Ndinamuuza kuti zija ndinalakwitsa. Sanandithandize ndi mawu oti zinatha kale. Anangoti wamva, kenako anandipempha kuti ndimusungire malo pamzere akaone ngati nthochi zake zili bwino panja. Ndinamusungira, ndipo atabwerako tinakambirana za mtengo wa feteleza mpaka dzina lake linaitanidwa pawindo.