Ndinasokoneza Mabawuti a Che Jafali

Lachisanu lapitali ndinachita chinthu chopusa ndi mtima wabwino, ndipo mpaka lero ndikachikumbuka manyazi amandigwira.

Ndili ndi njinga yamoto ya matayala a manomano, ija yoyendera m'tchire. Ndinaigula pa okushoni ku Balaka itatopa kale ndi alangizi a thonje, amene anaikwera zaka zambiri m'michenga ya ku Chikweo. Miyezi yapitayi inayamba kufuka utsi ngati munthu akuwotcha mapesi, ndipo pa kamtunda ka pafupi ndi Nselema inkafuna nditsike ndiikankhe. Aliyense woiona ankandiuza kuti njingayi yatha.

Ndinapita nayo kwa fundi wina amene pano ndiwatchula kuti Che Jafali. Dzinali si lawo, ndipo kumene amakhala sindinena. Ndi bambo wa imvi, wofatsa, amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo. Njingayo sanaiyang'ane n'komwe. Anati ndiilize, anaika chikhatho pa injini, anapendeketsa mutu, kenako anati maring'i a pisitoni adyeka ndipo injini iyenera kumasulidwa yonse. Ine mumtima ndinati ukatswiri ndi umenewu, munthu kudziwa matenda ndi khutu lokha.

Anayala saka pansi. Chilichonse chomwe amasula, kaya bawuti, kaya nati, kaya kawashala kochepa ngati tambala, ankachiika pa sakapo motsatana, kuyambira kumanzere kupita kumanja, mzere ukadzaza n'kuyamba wina. Pofika masana injini yonse inali itagona pa saka, yakuda bii ndi oyilo wakale.

Nthawi ya Juma, mapemphero a Lachisanu, itakwana anasamba, anavala mkanjo n'kupita ku mzikiti. Ine anandisiyira mbale ya chinangwa chophika kuti ndizidikira.

Paja ndine mphunzitsi. Chinthu chauve chikakhala pamaso panga manja amandiyabwa. Ndinaona beseni ndi botolo la palafini, ndiye ndinati bwanji ndiwapeputsire ntchito akuluwa. Ndinawola zonse za pa saka kuthira m'beseni, n'kutsuka chimodzichimodzi ndi kansanza mpaka zinawala. Sakalo ndinalikung'untha n'kuliyalanso bwinobwino. Kenako ndinakhala pansi kudikira kuti andiyamike.

Atabwera anavula mkanjo, ananjuta pamalo pawo n'kutambasula dzanja kumapeto kwa mzere womaliza. Dzanjalo linagwira saka. Linasuntha pang'ono, linapapasa, linapita kumanzere, linabwerera. Beseni linali pomwepo pafupi ndi bondo lawo, zitsulo zikunyezimira padzuwa, koma iwo sanalione. Ankangopapasa saka lopanda kanthu.

Apa m'pamene ndinawayang'anitsitsa m'maso koyamba. Pakati pa diso panali potuwa ngati madzi otsukira mpunga. Inali ng'ala, maso onse awiri. Mizere ija sankaiyala chifukwa chokonda dongosolo ayi. Ankaiyala kuti dzanja lizidziwa pamene pali chilichonse, poti maso anasiya kuwauza.

Ndinamva chisoni kwambiri. Ndinawauza zomwe ndachita. Sanakalipe. Anangoti, motsitsa mawu, "Aphunzitsi, musakanene kumsika. Akamva, palibe adzabweretsenso njinga pano."

Anandiuza kuti chino ndi chaka chachiwiri chiyambire vutoli. Anthu amawaona ngati zithunzithunzi, amawazindikira ndi mawu, ndipo amene akudziwa ndi akazi awo okha. Ndinafunsa za kuchipatala. Anati anamva kuti ku Zomba ng'ala amachotsa, koma munthu sukwera basi pa Liwonde osakumana ndi wokudziwa, ndipo wokudziwayo sangalephere kufunsa kuti mukudwala chiyani.

Tsono owerenga anzanga, n'chifukwa chiyani bambo wa luso lotere aziopa anthu a kumsika kuposa khungu?

Ndikuganiza kuti ndi mawu aja anthu anandiuza ine za njinga yanga. Yatha. Mawuwa timafulumira nawo, ndipo sitiwanenera njinga zokha. Munthu akangoyamba kufunsa kawiri zomwe wanena, timatsinzinirana diso kuti akuluwa atha. Telala akalephera kulowetsa ulusi mu singano kamodzi kokha, mawa nsalu tapita nayo kwina. Ndinagwirapo ntchito ndi ahedimasitala ena amene chaka chathunthu ankati aiwala magalasi kunyumba, kalata iliyonse n'kundipatsa ine kuti ndiwawerengere. Tinkaseka kumbali. Palibe mmodzi wa ife anaganiza zowaperekeza kukapimitsa maso.

Ndipo tikati tithandize, timathandiza ngati ine ndi beseni langa. Sitifunsa. Timafika kwa mayi athu okalamba kumudzi, kuwasesera, kuwasunthira mtondo, kupachika chikho pamsomali wapamwamba, n'kubwerera kutauni tikudzitama. Iwo amatsala akupapasa m'nyumba mwawomwawo. Kodi tinayamba tafunsapo kuti chinthuchi chimakhala apa chifukwa chiyani?

Tsiku limenelo injini tinayamba kuimanga awiri. Ine ndinkatola chitsulo m'beseni n'kuchiika m'chikhatho chawo, iwo n'kuchizunguza ndi zala, kuchitchula dzina, n'kuchibwezera pamzere wake. Panali mawashala awiri amene kwa ine anali ofanana ndendende. Iwo anawatsina ndi chikhadabo n'kunena kuti wopyapyalayu ndi wa mkati. Maring'i atsopano anawalowetsa pa pisitoni okha, ine anati ndisakhudze, manja a choko amathyola zinthu. Pamenepo ndinadziwa kuti andikhululukira.

Tinamaliza Loweruka dzuwa likupendeka. Ndinaponda kiki kawiri osalira, kachitatu inalira, mawu osalala, utsi wochepa. Che Jafali anaika chikhatho pa injini ndipo anamwetulira. Anandilangiza kuti injini yomanga kumene imafuna ulendo wautali woyenda pang'onopang'ono, osaithamangitsa, kuti maring'i akhazikike.

Ndinaganiza pang'ono, ulendo uno ndisanachite kanthu. Kenako ndinawauza kuti ine khutu la injini ndilibe, ikayamba kulira molakwika panjira sindingadziwe. Ndinafunsa ngati sangakwere kumbuyo kuti azimvetsera. Anafunsa kuti ulendowo ndi wa kuti. Ndinati msewu wa ku Zomba ndi wabwino, wa tala, ndipo Lolemba sukulu ili patchuthi.

Anayamba kupukuta sipanala yomwe inali yoyera kale. Onse awiri tinkadziwa chimene chili ku Zomba.

"Lolemba m'mawa," anatero. "Koma mubwere ndi chipewa chachiwiri cha panjinga."

Lolemba ndinawapeza atavala kale jekete, akazi awo ataima pakhomo ndi kamphasa ka swala, kopemphererapo, ndi botolo la madzi. Mayiwo anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Tisanafike pamsewu waukulu tinakumana ndi anthu atatu opita kumsika, ndipo mmodzi anafunsa kuti afundi ulendo wa kuti m'mawa uno. Ndinamva zala zawo zikulimba paphewa panga.

"Tikukayesa injini," anayankha.

Anthuwo anatifunira ulendo wabwino n'kupitiriza. Tinayenda pang'onopang'ono monga anandilangizira, malole akutipitirira. Pamtunda wina anati ndisinthe giya. Titafika pachipata cha chipatala ndinazimitsa njinga, koma iwo sanatsike msanga. Dzanja lawo linali likadali paphewa panga.

"Injini ili bwino, aphunzitsi," anatero. "Tsopano ndigwireni dzanja. Kuno kulibe wondidziwa."