Mpando wa Kunja kwa Chitseko

Anzanga, siyani kaye mafoniwo, khalani pansi mumve. Makamaka inu mukuti siviki, phunziro lija la malamulo ndi ufulu wa anthu, ndi logonetsa tulo, angolichotsa kusukulu.

Ndikakumbukira Agogo aNaphiri, oyandikana nafe ku Hyattsville, kuno kutsidya kwa nyanja, ndimamva fungo la usipa wokazinga litadzaza kolido yonse, alamu ya utsi ikulira, iwo akuikupiza ndi chitenje uku akung'ung'udza nyimbo ya kwaya ngati palibe chikuchitika. Amayi akapita ku shifiti yosamalira okalamba, ine ndinkaswera kwa agogowa. Lamulo lawo linali limodzi: "Mlendo saima pakhomo. Alowe, akhale pampando, kenako anene chimene wadzera." Wobweretsa pitsa, wokonza mapaipi, onse ankakhazikidwa pansi, afune asafune.

Tsono m'nyumbamo munkakhalanso Anti Chisomo, mwana wa mchemwali wawo. Mapepala awo okhalira m'dziko muno anali atatha. Tonse tinkadziwa, koma sizinkakambidwa.

Tsiku lina masana, kugogoda. Osati kwa mnansi ayi, kuja kogwedeza chitseko chonse. Ndisuzumire pakabowo: amuna awiri, majekete akuda, aja a boma ogwira anthu opanda mapepala, akutchula dzina la Anti. Anti anangouma pasinki, madzi akutayika. Agogo apukuta manja, auyamba wa kuchitseko, "Fikani" ali kale pakamwa.

Ine mutu unathamangira kwa aphunzitsi athu a siviki. Anali atangotiphunzitsa kumene kuti popanda chikalata chosainidwa ndi jaji, palibe wokukakamiza kutsegula, kaya ndiwe nzika kaya ayi. Ndinaima pachitseko, msana utatseka loko.

"Iwe Tadala, choka apo."

"Agogo, musatsegule."

"Ukundiletsa ine? M'nyumba mwanga? Alendo aime panja ngati afika kwa anthu osaleredwa?"

"Akalowa, atuluka ndi Anti."

 Chibadwire ndinali ndisanatsutsepo munthu wamkulu. Ndinafuula m'Chingerezi kuti ngati ali ndi chikalata cha jaji achilowetse pansi pa chitseko.  Dzanja la agogo lili paphewa panga, zala zikundifinya, sindikudziwa ngati akundichotsa kapena akunditsamira. Usipa ukupserera pasitovu, palibe woulabadira. Amuna aja anagogodanso, ananong'onezana, kenako tinamva nsapato zikutsika masitepe.

Mukuganiza anandithokoza? Sanandilankhule mpaka Lamulungu. Anauza amayi kuti sukulu za kuno zikuphunzitsa ana mwano.

Koma pochokera kutchalitchi, ndinapeza mpando wapulasitiki uli pakolido, pambali pa chitseko chawo.

"Wogogoda azikhala apo," anatero agogo osandiyang'ana. "Tizilankhulana chitseko chili chotseka, koma asaime. Tsono mawu aja a jaji, tandiuzenso pang'onopang'ono."

Agogo anatisiya. Anti mapepala awo anakonzeka, pano ndi namwino ku Rockville. Mpando uja ndili nawo ku Greenbelt, mwendo umodzi womanga ndi tepi, ndipo ndikauona phewa limandikumbutsa zala zija. Kalasi imodzi yokha imene ndinapezeka ndili maso ndi imene inandiimika pachitseko paja.

Ndiye tandiuzani, mukanakhala inu, agogo akuti choka, Anti ali pasinki, kusukulu sanakuuzeni kanthu, mukanatani?