Sapu ya Kemisitire

Chaka changa chachitatu ku sukulu ya famase, ya zamankhwala, ku Blantyre ndinabwerera kwathu ku Chisenga ndi chikwama cholemera kuposa zaka zonse. Munali mabuku awiri akuluakulu obwereka ku laibulale ndi mulu wa manotsi womanga ndi mphira. Ndinali nditalephera maphunziro awiri, kemisitire ya mankhwala ndi phunziro la mmene mankhwala amagwirira ntchito m'thupi, ndipo patatha masabata asanu ndinkayenera kukalemba mayeso obwereza, amene ife tinkangoti sapu. Chaka chachiwiri ndinali nditabwereza kale, ndipo lamulo silinkalola kubwereza kawiri. Kulephera sapu imeneyi kunali kulongedza katundu.

Kunyumba sindinanene. Ndinangoti aphunzitsi atipatsa zowerenga zambiri.

Kusekondale ndinali mtsikana wosagwa pa nambala wani, ndipo ndinazolowera kuti chinthu ndikachiwerenga kawiri chakhala changa. Ku Blantyre ndinapeza zina. Tinkalowa m'kalasi m'mawa, masana ku labu, ndipo lipoti la ku labuko linkafunika mawa lake, tsiku lomwelo pali mayeso a phunziro lina. Anzanga ambiri anali atagwirapo zipangizo za mu labu kusukulu kwawo. Ine zipangizozo ndinkazidziwa zojambulidwa ndi choko pabolodi. Mlungu umodzi wokha tinkapatsidwa mankhwala ochuluka ngati mayina a mudzi wonse, aliwonse ndi mlingo wake, matenda ake, zovuta zake, ndi mankhwala ena amene sagwirizana nawo. Ndisanawaloweze, mlungu wina wafika ndi ake. Koma chimene chinandithyola ndi kemisitire. Mankhwala alionse ali ndi chithunzi chake, timakona tolumikizana ngati chisa cha njuchi, ndipo ukasuntha kamzere kamodzi, wajambula chinthu china. Anzanga ankati amaziona m'mutu mmene timakonato timagwirirana. Ine ndinkangoloweza ngati nyimbo ya chilankhulo chachilendo, ndipo nyimbo yotere siichedwa kuthawa.

Nditafika inali nthawi yokolola. Bambo anga, amene ife timati adada, anandiletsa kupita kumunda. Anati manja anga ali ndi ntchito yake, chimanga achiona okha ndi amayi ndi mchemwali wanga wamkulu. Poti anali mkulu wa mpingo, anandipatsa kiyi wa tchalitchi kuti ndizikawerengera kumeneko, kumene kunali tebulo ndi mabenchi, kopanda nkhuku ndi alendo.

Ndinkalowa m'tchalitchimo dzuwa likangotuluka, nditafunda zitenje ziwiri, chifukwa mphepo yochokera ku mapiri a Mafinga miyezi imeneyo imalowa m'mafupa. Ndinkatsegula buku la kemisitire n'kuwerenga tsamba limodzi kanayi. Ndikatseka bukulo kuti ndijambule zimene ndawerenga, pepala linkangokhala loyera. Pazenera ndinkaona amayi akudutsa atasenza dengu la chimanga, akuyenda chotsimphina chifukwa cha msana, ndipo akafika pafupi ndi tchalitchi ankasiya kulankhula ndi mchemwali wanga kuti asandisokoneze. Masiku ena ndinkangoika mutu patebulo mpaka masana. Sikunali kugona ayi. Mutu unkangokana, ngati ng'ombe yangolo imene yagwada pamtunda, uikwapule bwanji.

Anthu sanachedwe kudziwa kumene ndinali. Ankagogoda pachitseko, “Odi, adokotala,” atanyamula mabuku awo a kuchipatala ndi mapiritsi okulunga m'pepala la shuga. Ndinkawauza kuti sindine dokotala, iwo n'kuseka kuti ndikudzichepetsa. Ena ndinkawathandizadi, kuwawerengera zimene zalembedwa ndi kuwakumbutsa kuti amalize mankhwala. Tsiku lina anabwera bambo wachikulire, woweta ng'ombe kutsidya kwa mtsinje, ndi mitundu iwiri ya mapiritsi, ena a kuthamanga kwa magazi, ena ogula okha a ululu wa mawondo. Anafunsa ngati angamwere limodzi. Funso lomwelo linali pa mayeso amene ndinalephera. Ndinagwira mapiritsiwo m'manja, ndikudziwa kuti yankho lili penapake m'buku limene linali patebulo, koma kutsegula buku pamaso pawo ndinachita manyazi. Ndinawauza kuti akafunse kuchipatala. Anandiyang'ana, anati “yewo”, zikomo wa kwathu, n'kutuluka. Ndinamva pambuyo pake kuti ankauza anthu kuti mwana wa mkulu wa mpingo wayamba matama.

Mawa lake ndinapita ndekha kuchipatala chaching'ono cha kwathuko. Pazenera loperekera mankhwala pankakhala mayi wina wa ku Mulanje, amene anatumizidwa kuno kalekale mpaka anaphunzira kulonjera m'Chitumbuka, ngakhale lilime linkawapereka. Ndinadikira mzere uthe, ndipo ndi iwo amene ndinayamba kuwauza zoona. Sanadabwe. Anatenga buku langa la kemisitire, natsegula masamba angapo pang'onopang'ono, n'kundibwezera.

“Mwana wanga, izi ine sindinazionepo. Ine ndimadziwa mankhwala ndi nkhope za odwala. Koma buku linalo bwera nalo, tilimbane nalo.”

Kuyambira tsiku limenelo ndinkapita kwa iwo madzulo alionse odwala akatha. Ankatsitsa botolo pashelefu, n'kuphimba dzina ndi chala, ine ndizinena ntchito yake, mlingo wake ndi amene sayenera kumwa. Ndikalakwa ankandiuza nkhani ya wodwala amene anawaonapo atatupa milomo kapena atachita chizungulire, ndipo zimenezo zinkakhala m'mutu. Phunziro limenelo linayamba kundimvera. Kemisitire inatsala ndi ine ndekha m'tchalitchi muja.

Ndinanyamuka masiku awiri mayeso asanayambe, pa njinga yamoto mpaka pa boma, kenako Karonga, Mzuzu, mpaka Blantyre, ndikuwerenga manotsi pamiyendo mpaka mseru. Mayeso oyamba ndinalemba bwino. A kemisitire anatifunsa kuti tionetse njira yopangira mankhwala ena kuchokera poyambira mpaka pothera. Poyambira ndinkapadziwa, pothera ndinkapadziwanso. Pakati ndinajambula, kufufuta, kujambulanso, mpaka pepala linabooka. Woyang'anira atati tiike zolembera pansi, ndinali ndisanakhudze funso lomaliza.

Ndinabwerera ku Chisenga kukadikira. Zotsatira zinatuluka pa foni, ndipo kwathu netiweki imagwira pachulu china kumtunda kwa dimba lathu. Ndinaima pamenepo foni ili m'mwamba, tsamba likutseguka pang'onopang'ono. Phunziro la mayi wa ku Mulanje uja ndinakhoza. Kemisitire inaperewera malikisi atatu. M'munsi mwake munali mawu amodzi a Chingerezi onena kuti ndachotsedwa.

Ndinakhala pachulupo nthawi yaitali. Misozi sinabwere. Ndinkangoganiza za matiresi anga amene ndinasiya ku hositelo, kuti ndidzawatenga bwanji.

Adada ndinawapeza akukonza denga la nkhokwe. Ndinagwada pansi pa makwerero n'kufotokoza zonse, kuyambira maphunziro awiri aja. Anatsika osafulumira, nakhala pa mtondo wogwadika. Anafunsa ngati kulibe kodandaula, ndinati njira ilipo koma siisintha malikisi. Anafunsa ngati iwo atapita okha kukalankhula ndi akuluakulu a sukulu sizingatheke, ndinati sizitero. Anapukuta manja pa thalauza.

“Nanga zaka zinayi zimene wakhala kumeneko, akupatsa pepala lililonse?”

“Ayi, adada.”

“Olo laling'ono?”

“Palibe.”

Anagwedeza mutu, nati m'Chitumbuka, “Palije kanthu, mwana wane,” koma mawuwo anatuluka opanda mphamvu. Anakweranso pa nkhokwe. Ndinamva akumanga luzi, kumasula, kumanganso pamalo omwewo. Amayi atamva anangofunsa chifukwa chake sindinanene msanga, kuti mwina akanandipempherera mwa dzina la phunzirolo. Mchemwali wanga sanalankhule nane masiku atatu. Iye anasiya sukulu ali fomu 2 kuti ine ndipitirize, ndipo sanafunikire kundikumbutsa.

Miyezi yotsatira sindikuikumbuka bwino. Ndinkapita kumunda, kuphika, kuchapa. Kutchalitchi ndinkakhala benchi lakumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Anthu anasiya kugogoda ndi mabuku awo a kuchipatala, ndipo kusiya kwawoko kunandipweteka kuposa mmene kubwera kwawo kunkandisowetsera mtendere.

Mayi wa ku Mulanje uja ndi amene anandipezera ntchito imene ndikugwira pano, m'kasitolo ka mankhwala kufupi ndi msika wa Lufita, pa boma. Chiphaso chopachika pakhoma ndi cha mwini sitoloyo. Ine ndimagulitsa panado, mankhwala a chifuwa ndi a njoka za m'mimba, ndipo amalonda ochokera ku Tanzania akalowa ndimadziwa kuwayankha m'chilankhulo chawo kuti dawa imene akufuna ilipo kapena yatha. Zambiri zimene ndinaphunzira zikadali m'mutu, ndipo zimabwera zokha tsopano pamene palibe wondifunsa mayeso.

Chaka chatha mnzanga wina wa m'kalasi, amene tinkagawana tebulo ku labu, anatumizidwa kudzagwira ntchito pa boma. Analowa m'sitolomo mwangozi, akufuna mankhwala a chimfine. Anandikumbatira, nandiuza za anzathu, amene ali ku Lilongwe, amene akwatiwa, amene apita kunja. Anati ndiyesenso kwina, masukulu achuluka masiku ano, ndipo angandithandize kemisitire Loweruka lililonse. Ananena ndi mtima wonse. Analemba nambala yake kuseri kwa lisiti, ine n'kuiika mu kabati pansi pa kauntala. Tili m'tauni imodzi yaing'ono, ndipo ndikaona galimoto ya kuntchito kwawo ikubwera, ndimalowa kuseri kukasanja makatoni.