Kalata ya a Madziokha

Bambo anga anayendetsa basi zaka makumi awiri ndi zitatu. Anzawo kudepoti ankawatchula a Madziokha, chifukwa mowa sankafuna ngakhale fungo lake. Botolo lawo lamadzi linkakhala pambali pa giya, lovekedwa sokosi yakale.

Zinayambira palilime. Mawu ankatuluka olemera ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Kenako phazi lamanzere linayamba kukhwekhwereza, moti nsapato yake inatha kutsogolo, inzake ikadali yatsopano. Tsiku lina potsika basi anaphonya sitepe n'kugwa chafufumimba, anthu akuona.

"Mowa mwauyambira kuukalamba, a Madziokha?" anaseka kondakitala. Bwana sanafunse zambiri, anangowalanda makiyi.

Za akunja ndilibe nazo ntchito. Ine mwana wawo woyamba ndinkanunkhiza malaya awo ndisanachape. Ndinasaka mabotolo kuseri kwa kabati. Tsiku lina ndinatsegula botolo la m'sokosi lija n'kulawa, eni ake akundiona. Anali madzi. Manyazi a tsikulo sanandichokebe.

Tinayenda m'zipatala miyezi isanu ndi itatu. Shuga ayi, sitiroko ayi. Potsiriza dokotala wa mitsempha anawauza kuti atulutse lilime. Linali litafota m'mbali, likunjenjemera lokha. Anawabaya tisingano m'minofu, makina akulira, kenako anakoka mpando n'kukhala nafe pafupi.

"Mitsempha yoyendetsa minofu ikufa pang'onopang'ono," anatero. "Matendawa sapezekapezeka, ndipo mankhwala ochiza palibe. Adzagwira manja, kumeza, kenako kupuma."

Amayi anagwira pakamwa. Bambo anawerama, akulimbana ndi liwu lililonse.

"Adokotala, lembani. Lembani kuti si mowa."

M'mawa mwake anavala yunifomu. Mabatani ndinawamangira ine, poti zala zinali zitayamba kukana. Tinakwera basi ngati anthu wamba, kalata ili m'thumba la pachifuwa. Kudepoti anakaima pakhomo la ofesi mpaka bwana, kondakitala uja ndi amakaniko atasonkhana. Ntchito sankaifunanso, ankadziwa kuti chiwongolero atsanzikana nacho.

Anafutukula kalata, nayesa mzere woyamba. Lilime linawakanika. Anayesanso, malovu okha n'kudontha papepala. Panalibe woseka.

Ndiye anatembenuka. Anthu odziwa kuwerenga analipo ambiri, koma anaipereka kwa ine, akundiyang'ana m'maso.

"Werenga iweyo, mwana wanga. Mokweza."