Bambo Wozimitsa Injini Pakati pa Nyanja

Bambo amene amatiwolotsa pa boti la injini pakati pa zilumba ziwiri za kwathu kuno ndi munthu wa mawu ochepa. Maso awo ndi ofiira ndi mchere, ndipo chiwongolero amachigwira ndi zala ziwiri zokha. Wina akawafulumizitsa, amangoti, “Injini ndi yanga, koma madziwa ali ndi Mwini wake.”

Tsiku lina masana ndinakwera limodzi ndi mayi wina wa mumpingo mwathu. Amayi ake ankadwala mwakayakaya kutsidya, ndipo anali atapempha kuti ndikawapempherere mwana wawo ali pafupi. Boti linkauluka, madzi akutiwaza kumaso. Tili pakatikati, bambowo anazimitsa injini mwadzidzidzi. Kunalibe mphepo, ngakhale kulira kwa mbalame.

“Bambo, chonde, amayi akutidikira!” anadandaula mayiyo.

Bambowo anavula chipewa, maso awo akulondola pang'onopang'ono chinthu chimene ife sitinkachiona, chochokera kumene tinkapita. Boti linapendekera mbali imene mayiyo anakhala, ngati wina watsamira m'mphepete mwake, kenako linawongoka.

“Palibenso chothamangira, mwanangu,” anatero mofatsa. “Akuonani kale.”

Ine ndimalalikira, ndipo sindidzaleka, kuti woyenda pamadzi ndi Mmodzi yekha. Komabe pemphero limene ndinakonzera pambali pa bedi ndinalipereka pomwepo, ndipo bambowo anayankha Ameni asanalize injini.

Titayandikira doko, tinaona mlongo wake wa mayiyo ataima yekha, manja ali kunkhongo.