Dayinamo Inawayankhira Mlandu a Gregorio

A Gregorio Kamphinda a ku Bowe anabwerako ku Halale m'chaka cha 1955 atanyamula sutikesi imodzi ndi kabokosi ka zitsulo. Kumeneko anakhala zaka zisanu ndi ziwiri akukulunga waya wa mkuwa m'makina a magetsi, mpaka zala zawo zinauma ngati chikumba. Sukulu analekezera Sitandade 3, koma dayinamo yowunikira pa njinga ikafa, kuyambira kwa Dzoole mpaka kumapiri a Ntchisi, anthu ankangouzana kuti, "Kaipereke kwa a Gregorio." Dzinja ankalima fodya ndi mtedza ngati wina aliyense. Mvula ikakata, ankaswera pakhonde ndi njinga za anthu.

M'mwezi wa Malichi 1959, boma la atsamunda litayamba kugwira anthu okana Chitaganya, wina anakanong'oneza apolisi kuti a Gregorio akubisa wayilesi yolankhulira ndi anthu a Kongeresi. Galimoto inafika m'mawa, iwo akusoka fodya ndi akazi awo, a Veronika. Munatsika mzungu ndi sajeni wachikuda. Anasanthula nyumba yonse, ndipo sajeni uja anatuluka ndi kabokosi kaja, mawaya ali lendelende.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa sajeni, atatola dayinamo yomasula.

"Ndi dayinamo ya aphunzitsi, bwana. Ndinaikulunga dzulo," anatero a Gregorio. "Kachitsulo kali m'katika ndi maginito. Kakangokhala phee, palibe chochitika. Koma kakamazungulira, mphamvu yake imalowa ndi kutuluka m'mikombero ya wayayi, ndiye magetsi amabadwa. Mikombero ikachuluka, moto umakulanso."

Sajeni anamasulira. Mzungu anayankha mwachidule.

"Akuti tionetseni. Ikapanda kuyaka, mukwera galimoto."

Panja dzuwa linali phwee, choncho analowa m'chigafa, pansi pa fodya wopachika, pamene panali kamdima. A Gregorio anagadamitsa njinga, n'kumanga dayinamo ija ku tayala, n'kulumikiza babu. Anapukusa pedulo ndi dzanja. Tayala linazungulira, koma babu linangoti zii.

Anapukusanso mwamphamvu. Osayaka.

Thukuta linawatsika mumsana. Anamva a Veronika akutchula dzina la Maria chapansipansi pakhomo la chigafa, ndipo anaganiza za amuna awiri a m'mudzi woyandikana nawo amene anatengedwa mlungu wathawo, osadziwika kumene ali. Anayang'anitsitsa nsonga ya waya, ndipo anaona cholakwa: utoto umene umakuta waya watsopano anali asanaupale, ndiye magetsi analibe podutsa.

"Mayi a Hana, tandipatsani singano ya fodyayo."

A Veronika anawapatsira. A Gregorio anapala nsonga ija mpaka mkuwa unati mbuu, analumikizanso, n'kupukusa. Babu linayamba kufiira ngati khala. Atawonjezera liwiro linawala mpaka masamba a fodya anaoneka mitsempha yake. Atagwira tayala, linazima.

Mzungu anawerama, anapukusa yekha kawiri, anayang'ana babu likuyaka ndi kuzima, kenaka anapukuta manja pa kabudula n'kubwerera ku galimoto. Sajeni anatsalira pang'ono.

"Mwapulumuka, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Koma zitsulo zanuzi muziika poyera, anthu aziziona."

Galimoto itazimiririka kuseri kwa phiri, a Veronika anangokhala pansi pomwepo, akuseka misozi ili chuchuchu. A Gregorio anafuna kutola singano kuti apitirize ntchito, koma anangoisiya. Anakhala pambali pa akazi awo, akungopuma. Tsiku limenelo fodya sanasokedwenso.

Amene anakawanenera sanamudziwe, ndipo sanafufuze. Anapitiriza kukonza njinga zaka zambiri, kufikira maso atayamba kuchita chidima. Pamenepo mwana wawo Hana, atakwatiwa kale pamudzi pomwepo, ndi amene ankakulunga waya, iwo ali pambali akuwerenga mikombero mokweza mawu, n'kumamudzudzula akathamanga.