Thumba la a Bizwell Pamzere wa Kompyuta

A Bizwell Zimba anakulira pafupi ndi chigayo ku Madzimoyo, ndipo ngakhale yunivesite inalephera kuwachotsa chigayocho m'mutu. Masiku ano amafufuza kachilombo kopinimbiritsa mtedza. Kakompyuta ka kuntchito kwawo ku Chipata sikangathe kupenda chibadwa cha kachilomboko, choncho amatumiza zonse pa intaneti ku chikompyuta cha ku Lusaka chomwe ofufuza ambiri amabwerekana. Kumeneko ntchito iliyonse imadikira pamzere.

A Bizwell anachita zomwe amayi awo ankachita kuchigayo. M'mawa ankatumiza ntchito yopanda kanthu kuti iwasungire malo ngati thumba, iwo n'kupita kumunda kukathyola masamba odwala. Pobwera ankapeza makinawo atagaya kale thumba lopanda chimangalo, iwo ali kumapeto kwa mzere.

Atatopa anaimbira mayi Hazel Mvula, oyang'anira makinawo.

"Mayi, ku Lusakako ulemu unatha? Inetu ndinasiya chizindikiro."

"A Zimba, makinawa sadziwa munthu."

"Vuto lake ndi lomwelo," anatero a Bizwell. "Kwathu wachigayo ankadziwa mwini thumba lililonse, makamaka ngati kunyumbako kuli mtsikana wosakwatiwa."